Tikupita ku paki ya zokwera ndi ana awiri aulumali, ndikonzekere bwanji?

Mayi wa Atatu

Makolo anzanga, ndabwera kudzapempha nzeru, chifukwa usiku wapitawu tulo sindinatione. Patsala masabata 6 kuti tipite ku paki yaikulu ya zokwera, zija zokhala ndi ma roller coaster, timasitima, akavalo ozungulira ndi makombola usiku. Ulendowu tinaulonjeza kwa mwana wathu woyamba, mtsikana wa zaka 9, ndipo m'mawa uliwonse amachonga tsiku pa kalendala.

Nkhawa yanga ili pa abale ake awiri. Mnyamata ali ndi zaka 6 ndipo ali ndi autism, ulumali wokhudza kakulidwe ka ubongo, kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Mawu ali nawo ochepa. Phokoso likamudzidzimutsa amadzigwetsa pansi n'kutseka makutu, ndipo nthawi zina amangoliyatsa liwiro osayang'ana kumene akupita. Mzime wathu ndi mtsikana wa zaka 4, ali ndi cerebral palsy, ulumali wa mu ubongo umene umasokoneza kayendedwe ka thupi. Amakhala pa njinga ya olumala, khosi silinalimbe kwenikweni, amavalabe matewera, komanso amamwa mankhwala a khunyu.

Akuluakulu tidzakhala awiri okha, ine ndi bambo awo. Ndiye ndikudzifunsa: mnyamatayu adzaima bwanji pa mzere wa ola lathunthu, pamene mphindi 5 zokha zimamukanika? Mtsikanayu ndidzamusinthira kuti, popeza timatebulo ta makanda tija anatipitirira kale msinkhu? Nanga adzaloledwa kukwera chilichonse, kapena adzangokhala woonerera tsiku lonse? Amene munapitako ndi ana onga awa, ndiuzeni zoona zake, zoipa zomwe.

Bambo wa Mnyamata Mmodzi

Mayi, yambani ndi nkhani ya mzereyo lero lomwe, musadikire tsiku lofika pageti. Mapaki aakulu ambiri ali ndi chilolezo cha alendo amene sangathe kudikira pa mzere wamba, koma paki iliyonse ili ndi dzina lake ndi malamulo ake. Ku mapaki a Disney a ku America chimatchedwa DAS. Kuyambira pakati pa 2024 anachepetsa anthu oyenera kuchilandira, moti tsopano cholinga chake chachikulu ndi anthu a autism ndi ena amene ulumali wawo umakhudza kakulidwe ka ubongo. Mumalembetsa polankhula nawo pa vidiyo ulendo usanafike, ndipo mwanayo amafunika aonekere pa vidiyopo.

Chimene ambiri samachimvetsa ndi ichi: chilolezochi sichichotsa kudikira. Ngati mzere ndi wa mphindi 50, inunso mudikira nthawi yofanana ndi imeneyo, kungoti mudikirira kwina. Akupatsani nthawi yobwerera, inu n'kukakhala pamthunzi, mwana n'kumathamangathamanga kapena kumwa madzi, nthawi ikakwana mukalowera khomo lachidule. Kwa mwana wanga kusiyana kwake n'kwakukulu. Chimamupweteka si kutalika kwa nthawi ayi, ndi kupanikizana, anthu kumukhudza kumsana, nyimbo imodzimodzi kumangobwerezabwereza, ndiponso kusowa potulukira.

Akamakufunsani, musangoti ali ndi autism n'kusiyira pomwepo. Fotokozani zimene zimachitika mwanayo akaima pakati pa anthu: amagwa pansi, amadzimenya, amathawa. Ine ulendo woyamba ndinachita manyazi, ndinkachepetsa nkhani ngati ndikumuchitira miseche mwana wanga. Sikumunyoza kumeneko, n'kuwathandiza anthuwo kuti amvetse.

Mayi wa Atatu

Zikomo bambo. Nanga kalata ya dokotala ndi yofunika?

Mayi wa Mapasa

Achemwali, zimatengera paki. Ku Disney ya ku America safuna kalata, amangocheza nanu. Ku Disneyland Paris n'zosiyana, khadi yawo yolowera mwachangu amapereka ataona chikalata chovomerezeka chosonyeza ulumali. Mapaki ena a ku America amagwiritsa ntchito khadi ya IBCCES (bungwe lophunzitsa ndi kupereka masatifiketi pa nkhani za autism), imene mumalembetsa pa intaneti n'kutumiza umboni wochokera kwa dokotala, patatsala maola osachepera 48. Malamulowa amasinthasintha, choncho musadalire zimene munthu anaona zaka zitatu zapitazo, ngakhale zimene tikukuuzani ifezi. Tsegulani webusaiti ya paki imene mukupitayo, pezani tsamba la alendo aulumali, muwerenge lonse mpaka kumapeto. Kenako alembereni imelo, kuti yankho likhale lolembedwa ndipo mudzalionetse pafoni wina akadzakana.

Kalatayo tengani ndithu ngakhale atati sakuifuna. Simalemera.

China: musaganize kuti chilolezo cha mnyamata chithandizanso mtsikana. Nthawi zambiri wa njinga amamuwerengera padera. Mizere yambiri yatsopano ndi yotakata moti njinga imadutsa, ndiye amakuuzani kuti mungoima ndi anthu onse. Funsani za mwana aliyense payekha.

Malume Wolera Awiri

Ndinene maganizo anga, mundikhululukire ngati ndilakwitsa. Kodi sitikuwapusitsa ana tikamawachotsera mzere kulikonse? Moyo uli ndi mizere, kuchipatala, kubanki, paliponse. Ine mphwanga ndimamuimika pa mzere dala kuti azolowere. Poyamba ankalira, pano amapirira.

Aphunzitsi a Ana Ofunika Chithandizo Chapadera

Malume, mfundo yanu ndi yoona mbali imodzi. Kudikira kumaphunzitsidwa, ndipo ifenso m'kalasi timakuphunzitsa. Koma timayamba ndi masekondi 30, pamalo abata, mwana atakhuta, akudziwa chimene chikubwera. Paki yodzaza anthu, dzuwa likuswa mtengo, zokuzira mawu zili mbali zonse, si kalasi. Mwana akafika pogwa pansi n'kumakuwa, ubongo wake watseka zitseko, palibe chimene akuphunzira. Chimene adzakumbukire n'chakuti malo amenewa amapweteka.

Mayi wa Atatu, masabata 6 ndi okwanira kuchita zambiri. Pezani mavidiyo a pakiyo pa YouTube, makamaka aja ojambulidwa ndi munthu atakwera, muziwaonera naye tsiku lililonse, mawu atatsitsidwa poyamba, kenako muzikweza pang'onopang'ono. Muona nokha zimene akuzikonda ndi zimene akutembenuzira nkhope kumbali. Sindikizani zithunzi: galimoto, geti, malo osechera zikwama, sitima, chimbudzi, chakudya, kupuma, galimoto kachiwiri. Zimateni motsatana pa kabuku, chilichonse chikachitika iye mwini azichotsa chithunzicho. Onjezani khadi limodzi lotanthauza kuti zasintha, chifukwa chokwera china mudzachipeza chatsekedwa, ndipo ndi bwino khadilo alizolowere kunyumba pa tinthu ting'onoting'ono.

Zotseka m'makutu zija zooneka ngati mahedifoni mugule tsopano, azivale akuonera makatuni. Mukadzamuveka koyamba ali kale m'kati mwa phokoso adzazitaya. Zija za anthu ovala zigoba za zidole zikuluzikulu muonenso naye pa vidiyo. Ana ena amazikonda, ena zimawaopsa kuposa roller coaster, chifukwa nkhope yake siyenda ndipo chinthucho ndi chachitali kuposa bambo awo.

Mapaki ena amasindikiza kabuku kosonyeza mphamvu ya phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudza pa chokwera chilichonse, ndi manambala mpaka 10. Sesame Place ya kufupi ndi Philadelphia ku America ndiyo inali paki yoyamba kulandira satifiketi ya malo okonzekera alendo a autism, mu 2018, ndipo kuchokera pamenepo ambiri atsatira. Funsani ngati yanuyo ili nako kabukuko, komanso ngati ili ndi chipinda chabata chopumiramo.

Malume Wolera Awiri

Ndamva aphunzitsi. Mphwangayo amalankhula bwinobwino ndipo amatha kundiuza akatopa, mwina n'chifukwa chake zinatheka. Amene alibe mawu ndi nkhani ina. Komabe mayi, pa timizere tating'ono ta mphindi zitatu muziyesako, musamuchotsere zonse.

Namwino wa Ana

Ndilankhuleko za mtsikanayo, chifukwa mwatchula khosi ndi khunyu. Musanalembe mndandanda wa zokwera, kaonaneni ndi dokotala wake kapena wa mafizo, mupite ndi kabuku ka malamulo a pakiyo. Zokwera zambiri, ngakhale zooneka zofatsa, zimafuna kuti munthu athe kukhala tsonga yekha, kuugwira mutu wake, ndi kugwira chitsulo ndi dzanja limodzi kapena onse. Si kutalika kokha. Mwana akhoza kukwanitsa masentimita ofunikawo koma chokweracho n'kukhala chogwedeza khosi mwadzidzidzi. Makolo a ana a Down syndrome izi azimvenso, chifukwa ena mwa anawa mafupa awiri a pamwamba pa khosi sagwirana molimba, ndipo kugwedezeka kwamphamvu n'koopsa kwa iwo.

Za magetsi othwanima: si aliyense wa khunyu amene amagwa nawo. Ndi pafupifupi 3 mwa anthu 100 alionse a khunyu. Ngati anamuyezapo ubongo ndi makina a EEG, dokotala akhoza kukuuzani ngati ali m'gulu limeneli. Zimene zimagwetsa ana ambiri pa maulendo ndi zinthu wamba: kusagona mokwanira, kudumphitsa nthawi ya mankhwala, kutopa kwambiri. Ikani alamu pafoni zonse ziwiri. Tsiku lachisangalalo nthawi imathamanga, mudzangozindikira maola awiri adutsa.

Onaninso dzina la mankhwala ake. Ena, monga topiramate ndi zonisamide, amachepetsa thukuta, moti mwana amatentha thupi msanga osaonetsa chizindikiro chimene timachizolowera. Wokhala pa njinga amatenthedwanso kumsana ndi kumatako chifukwa cha mpando ndi malamba. Tengani kabotolo kopoperera madzi, kansalu konyowa, ambulera yomangirira pa njinga, ndipo pakapita nthawi muzimutsitsa agone chotambalala pamthunzi.

Mankhwala oletsa kugwa kotalika, ngati anakupatsani, akhale m'chikwama chimene chili pathupi panu, osati m'galimoto, osatinso m'loka. Mukangolowa geti, pitani kaye mukaone chipinda cha chithandizo choyamba. Mudziwe njira yake musanaifune. Ambiri amalolanso kusungako mankhwala ofuna firiji.

Mayi wa Atatu

Anamwino, mwandithandiza. Ndathamanga kukayang'ana botolo, ndi amodzi mwa amene mwatchulawo. Dokotala anandiuzapo za madzi akumwa ambiri koma za thukuta sindinazigwire. Tili ndi tsiku lokaonana naye sabata yamawa, ndikafunsa zonsezi.

Mayi wa Mnyamata wa Njinga

Ine ndilankhule za chimbudzi, chifukwa ndi chimene chinandiliza. Mwana wanga ali ndi spina bifida, ulumali wobadwa nawo wa msana, pano ali ndi zaka 8, ndipo timamutulutsa mkodzo ndi kapaipi maola angapo alionse. Ulendo wathu woyamba, ku paki ina imene sinditchula, ndinaona chizindikiro cha njinga pa chitseko n'kukhazika mtima pansi. Nditalowa ndinapeza chimbudzi chotakata, chitsulo chogwirira kukhoma, basi. Pomugoneka panalibe. Pansi panali ponyowa, mapazi a anthu ali mbwee. Ndinavula juzi yanga n'kuyala, ndinagwada, ndinamugoneka mwana wanga pamenepo mutu uli pafupi ndi mtondo wa chimbudzi. Iye anangoyang'ana kudenga osanena kanthu. Anali ndi zaka 5, ankadziwa bwino chimene chikuchitika.

Kuyambira tsiku limenelo funso langa loyamba ndi ili: muli ndi bedi losinthirapo munthu wamkulu? Osafunsa kuti muli ndi chimbudzi cha olumala, chifukwa onse amayankha kuti eya. Ku Britain kuli zimbudzi zotchedwa Changing Places, kampeni yake inayamba mu 2006. Zimakhala ndi bedi lokwera ndi kutsika, makina onyamulira munthu, ndi malo okwanira omuthandiza awiri. Mapaki ena ali nazo, ena ayi. Kumene kulibe, chipinda cha chithandizo choyamba nthawi zambiri chimakhala ndi bedi ndi katani, ndipo ukapempha amalola. Chovuta n'chakuti chimakhala chimodzi m'paki yonse, ndiye tsiku lanu mulikonze mozungulira chipinda chimenecho. Mphasa yopinda ya pulasitiki ikhale m'chikwama nthawi zonse.

Pa zokwera, funsani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi mwana akwera ali pa njinga yake, kapena ayenera kunyamulidwa kuikidwa pa mpando wa chokweracho? Ogwira ntchito nthawi zambiri saloledwa kunyamula mlendo, ndiye wonyamula ndinu, ndipo mukanyamula kakhumi msana udzakuuzani madzulo. Chachiwiri, chokweracho chikaima pakati, timatuluka bwanji? Zina zimafuna kutsika masitepe aatali mumdima. Ine ndikamva zimenezo ndimadziyeza ndekha ngati ndingamubereke mpaka pansi.

Mabwato oyenda pang'onopang'ono, timasitima ndi akavalo ozungulira nthawi zambiri zimakhala ndi malo a njinga kapena benchi yosagwedera. Ziwonetsero za pabwalo nazonso ndi zabwino, mumakhala pansi pamthunzi mphindi 20.

Kwa anzanga a spina bifida: samalani ndi mabaluni a labala. Ana athu ambiri thupi lawo limadana ndi latex, labala wopangira mabaluniwo.

Agogo Aakazi

Mwanawe, ndawerenga zonsezi ndipo mtima wanga wagunda. Ndifunse monga kholo. Kodi ang'ono awiriwo akufunadi kupita, kapena ndi ifeyo akuluakulu amene tikufuna? Bwanji wamkuluyo apite ndi bambo ake, inu mutsale ndi enawo, mudzawapititse akadzakula? Mdzukulu wanga sakonda n'komwe malo odzaza anthu, ndipo tinasiya kumukakamiza. Sindikukuweruzani ayi.

Mayi wa Atatu

Agogo, funso lanu silinandipweteke, ndakhala ndikudzifunsa lomwelo. Tinamufunsa wamkuluyo ngati angakonde kupita ndi bambo ake okha. Anakhala chete, kenako anati nthawi zonse timagawikana, wina kuchipatala wina kunyumba, iye akufuna chithunzi chimodzi tonse asanu tili pamalo osangalatsa. Ndinasowa choyankha.

Mnyamatayu amakonda masitima kuposa chilichonse. Mtsikanayu akamva mphepo kumaso amaseka mpaka kutsamwa. Ndikuganiza kuti muli zinthu zawo m'pakimo. Koma ndikulonjeza kuti ndikaona kuti akuvutika, tibwerera, ngakhale titangokhala maola awiri.

Mchemwali Wamkulu

Ine si kholo, ndinakula ndi mlongo wanga wa autism, pano tonse ndife akuluakulu. Ndilankhulire mtsikana wa zaka 9 uja, chifukwa ndinali iyeyo.

Mawu akuti tikaona zavuta tibwerera ndi abwino kwa ang'onowo, koma iye akawamva amadziwa kuti tsiku lake likhoza kutha nthawi iliyonse popanda kulakwa kwake. Ine ndinkayenda m'malo otere maso ali pa mlongo wanga, kuwerenga nkhope yake, kuopa kuti tsopano ayamba. Sindinkadandaula chifukwa ndinkaona mayi atatopa. Ndinkangomeza.

Chonde mufunseni asankhe zokwera ziwiri kapena zitatu zimene sangalole kuziphonya, muyambe ndi zimenezo m'mawa geti likangotsegulidwa, mizere isanatalike. Zikatheka zimenezo, china chilichonse ndi chongowonjezera. Muuzeninso poyera kuti ang'ono akatopa, kholo limodzi lipita nawo kokapuma, iye atsala ndi linalo. Asakhale wachitatu wolera. Musamusiyire njinga kuti ayang'anire inu mukuthamangitsa mnyamata, kupatula zitavutitsitsa.

Funsaninso za dongosolo losinthana makolo, mapaki ambiri ali nalo. Bambo akwera ndi iye inu mukudikira ndi ang'ono, akatsika inu mukwera osayambiranso mzere, ndipo nthawi zambiri mwanayo amaloledwa kukweranso nanu. Ndiye kuti iye akwera kawiri. Ndikanakhala nacho chimenecho ndili mwana, ndikanaona kuti kukhala mchemwali wa mlongo wanga kumabweretsakonso zabwino.

Bambo wa Mnyamata Mmodzi

Achemwali mwanena zimene ambirife sitiziona.

Ndiwonjezere za malo amodzi, ngakhale ambirife tidzangowamva. Ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, kuli Morgan's Wonderland, imene inatsegulidwa mu 2010. Anaimanga ndi Gordon Hartman chifukwa cha mwana wake wamkazi Morgan, ataona ana ena akumutalikira pamene ankafuna kusewera nawo padziwe losambira. Zokwera zake anazipanga kuti njinga izilowa momwemo, ndipo munthu waulumali salipira pakhomo. Mu 2017 anatsegulanso mbali ya masewera a m'madzi, kumene amabwereketsa njinga zosaopa madzi, zina zoyendera mpweya m'malo mwa batire. Ndimaitchula chifukwa wina akandiuza kuti chokwera sichingatheke kulandira njinga, ndimadziwa kuti n'zotheka, nkhani ndi ya mmene anachimangira.

Mayi wa Mapasa

Za kuthawa sitinazikambe mokwanira, ndipo ndi zimene zimandiopsa kwambiri. Mmodzi mwa mapasa anga anandisowa mphindi mwina zinayi pa paki ina. Ndinangowerama kumanga nsapato ya mnzake. Tinamupeza ataima m'mphepete mwa dziwe la akasupe, nsapato atavula kale. Ana a autism ambiri madzi amawakoka, ndipo kumira ndi chimodzi mwa zimene zimapha kwambiri amene asochera. Mukatsegula mapu a paki, zungulizani ndi cholembera paliponse pali madzi. Akasowa, mmodzi athamangire kumadzi kaye, winayo auze wogwira ntchito amene ali pafupi nthawi yomweyo, osayamba mwazungulira nokha.

M'mawa mujambuleni chithunzi thupi lonse ndi zovala za tsikulo. Malaya akhale owala. Pa mkono pakhale chibangili cholembedwa nambala ya foni yanu ndi mawu akuti salankhula, chifukwa wachitetezo akamufunsa dzina iye sayankha. Ndipo muzitchulana mokweza kuti mnyamata ali ndi iwe, ali ndi ine. Mwana amasowa pamene aliyense akuganiza kuti mnzake wamugwira.

Ngati amalola kukhala m'kangolo kokankha, tengani kakakulu ngakhale ali ndi zaka 6. Mukaphimba ndi nsalu pamwamba kamasanduka kanyumba kake kobisalamo. Mapaki ena amapereka chizindikiro chomata chosonyeza kuti kangoloko kawerengedwe ngati njinga ya olumala, kuti musakasiye panja pa mzere. Vuto ndi lakuti mudzakhala ndi zokankha ziwiri ndi manja anayi okha, ndiye lingalirani ngati pali wachibale wachitatu amene angapite nanu.

Chingwe chobiriwira cha maluwa a mpendadzuwa chovala m'khosi chija chinayambira pa bwalo la ndege la Gatwick ku Britain mu 2016, chimasonyeza kuti munthu ali ndi ulumali wosaoneka. Sichikupatsani ufulu uliwonse wapadera, koma kumene amachidziwa ogwira ntchito amaleza mtima.

Kanthu kakang'ono komaliza: zimbudzi zodzigujumula zokha. Zimaphulika mwana akadali pompo. Matani kapepala pa kadiso kake kakuda kaja musanamukhazike, mudzachotse pomaliza. Makina oumitsira m'manja aja palibe mankhwala ake, muvekeni zotseka m'makutu musanalowe.

Bambo wa Mtsikana Wosamva

Kwa amene ana awo ali ndi cochlear implant, kachipangizo kothandiza kumva koikidwa m'khutu pa opaleshoni: mbali yakunja ija imagwira ndi maginito okha, pa chokwera chothamanga imauluka. Ivuleni muisunge m'thumba la zipi, ndipo mufotokozereni mwana zonse musanaivule chifukwa akakwera sakumvaninso. Pa zotsetsereka za pulasitiki timaivulanso, magetsi a mkhukhuzo aja akhoza kuisokoneza. Pa ziwonetsero funsani msanga ngati pali womasulira chinenero cha manja, ena amafuna muwadziwitse masiku angapo zisanachitike.

Aphunzitsi a Ana Ofunika Chithandizo Chapadera

Ndiwonjezere za kuchuluka kwa masiku: ngati thumba likulola, masiku awiri aafupi amaposa tsiku limodzi lalitali. Sankhani pakati pa sabata, masukulu ali otsegula ngati n'kotheka. Tsimikizani kuti tikiti ikulolani kutuluka masana n'kulowanso madzulo. Chakudya chimene mnyamata anachizolowera mupite nacho, ambiri amalola ukafotokoza kuti ndi nkhani ya ulumali, koma zimenezonso zikhale mu imelo ija.

Mayi wa Atatu

Makolo anzanga, tabwerako dzana. Ndadikira kuti thupi libwerere m'malo ndisanalembe.

Tinapita masiku awiri, ndipo mng'ono wanga anavomera kutiperekeza. Popanda iye sindikudziwa kuti zikanatha bwanji. Tsiku loyamba tinali pageti lisanatsegulidwe. Wamkulu anakwera roller coaster yake kawiri, koyamba ndi bambo ake, kachiwiri ndi ine, ndipo nthawi isanakwane 11 koloko zitatu zake zonse zinali zitatheka. Achemwali amene munandilangiza zimenezi, nditamuona akutsika tsitsi lili nyankhalala akufuula kuti amayi munatseka maso, ndinakukumbukirani.

Zovuta zinalipo. Bwato lokhala ndi malo a njinga, limene tinaliyembekezera kwambiri, tinalipeza lawonongeka, ndipo webusaiti sinanene. Wogwira ntchito anapepesa, koma mtsikana wanga anali ataona kale madzi ndipo ankagwedeza miyendo. Tinamunyamula n'kumukweza bwato lina lopanda malo a njinga, bambo ake anamukhazika pakati pa miyendo yawo atamugwira mutu ndi chifuwa chawo, popeza dokotala anati bwato lofatsa lotero alibe nalo vuto ndipo a pakiyo analola. Anaseka njira yonse.

Chachiwiri ndinalakwitsa ndine. Sindinayang'ane nthawi ya perete. Tinangotulukira pa msewu waukulu ng'oma ndi malipenga zikuyamba, anthu atatseka mbali zonse, zotseka m'makutu zili pansi pa chikwama. Mnyamata anagwa pansi n'kuyamba kumenyetsa mutu. Ndinamufungatira ndi thupi langa lonse pomwepo pamsewu, mng'ono wanga anafukula chikwama, mayi wina wosamudziwa anaima kutitchinga ndi ambulera yake kuti anthu asatiponde, osafunsa funso lililonse. Zinatenga nthawi. Titafika kuchipinda chabata anagona pansi pa tebulo pafupifupi ola. Tsiku limenelo linathera pomwepo kwa iye, bambo ake anatsala ndi wamkulu mpaka madzulo.

Kusintha matewera tinkachitira ku chipinda cha chithandizo choyamba, bedi linalipo, ndipo mankhwala sanadumphe ngakhale kamodzi. Kabotolo ka madzi kanagwira ntchito kwambiri, anamwino, tsiku lachiwiri kunatentha ndipo masaya ake anafiira khungu lili louma, tinamutsitsa msanga n'kumupepesa ndi kansalu.

Tsiku lachiwirilo sitinalimbane ndi zambiri. Mnyamata anapeza kasitima kozungulira paki ndipo tinakwera maulendo 7 otsatizana, mpando womwewo, kumbuyo kwenikweni kumene kuli malo a njinga, moti mlongo wake anali pambali pake. Malume, mzere wa kasitimako unali waufupi ndipo anaima yekha maulendo onse, atagwira khadi lake la sitima m'manja. Makombola tinaonera m'galimoto, mawindo otseka, iye atavala zotseka m'makutu, chipumi atachigunditsa pagalasi.

Agogo, chithunzi chija chilipo. Mnyamata akuyang'ana kumbali kumene kunali sitima, koma tonse asanu tilimo.

Agogo Aakazi

Zikomo mwanawe pobwera kudzatiuza. Nanga iye mwini, pambuyo pa za perete zija, akuonetsa mantha mukatchula za paki?

Mayi wa Atatu

Chithunzi cha msewu waukulu uja anachichotsa m'kabuku n'kuchiponya kuseri kwa mpando, sindinachibwezeremo. Koma lero m'mawa ndikukonza tiyi wabwera ndi khadi la sitima, wandiika m'dzanja, kenako wapita kukatenga nsapato zake n'kukhala pakhomo.